Desiki yobwereka pa msewu wa ku Chirunga

Pa msewu wochokera m'tauni kulowera ku Chirunga, musanafike ku yunivesite, pali nyumba ina imene anthu ambiri a mu Zomba amaidziwa ngati malo a fotokope. Ophunzira a ku Chanco akhala akupita kumeneko kwa zaka zambiri kukapulintitsa ndi kumangitsa mapepala awo. Makinawo akadalipo, koma chimene ndikufuna kukuuzani chili kuseri. Eni malowo, mayi amene anali sekilitale m'boma asanapume pa ntchito, anawonjezera chipinda chachitali n'kuikamo madesiki, ndipo amabwereketsa kwa aliyense amene ali ndi ntchito ya pa kompyuta koma alibe ofesi. Umalipira theka la tsiku, tsiku lathunthu kapena mwezi. Mtengo wa tsiku sutalikirana ndi wa nsima ya nkhuku pa lesitilanti ya kumsika. Ine ndimalipira pamwezi, ndipo ndalama imeneyi sindiilirira.

Ntchito yanga ndi yomvetsera mawu ojambulidwa. Ochita kafukufuku akapita ku Jali, ku Domasi kapena ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amajambula zimene akucheza ndi alimi, asodzi ndi amayi a kusikelo. Amanditumizira mawuwo, ine n'kuwalemba liwu ndi liwu, kenako n'kuwamasulira m'Chingerezi kuchokera m'Chichewa kapena m'Chiyao. Ondipatsa ntchito ena ali ku Lilongwe, ena ku London, ndipo ambiri mwa iwo sitinaonanepo maso ndi maso. Amafuna ntchito ifike tsiku limene tinapangana. Zoti ku Matawale kunalibe magetsi kuyambira m'mawa, kapena kuti bandulo inathera pakati pokweza fayilo, sizilowa mu kontirakiti.

Choncho chinthu choyamba chimene munthu amagula pamalo pano ndi magetsi osathima. Padenga pali masola, mabatire ali m'kabokosi kachitsulo kokhomedwa ndi loko pakona, ndipo desiki iliyonse ili ndi soketi yakeyake, osati zolimbirana ekisitenshoni imodzi. Magetsi a m'tauni akapita, umangomva kulira pang'ono kwa inverter, ntchito n'kumapitirira. Mayiwo anandiuza kuti anaika zimenezi mu 2022, mphepo yamkuntho ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Nthawi imeneyo bizinesi ya fotokope inangoti zii, ndiye anaona kuti anthu akubwera kudzapempha kutchaja laputopu kuposa kudzapulintitsa. Lamulo lawo ndi limodzi ndipo saseka nalo: ketulo ndi chilichonse chotenthetsa sichilowa mu soketi. Makina aakulu a fotokope nawonso sayenda pa mabatire, ndiye ngati muli ndi masamba ambiri oti musindikize, chitani zimenezo magetsi a m'tauni akadalipo.

Intaneti ndi ya marauta awiri a makampani awiri osiyana. Netiweki ina ikayamba kukoka mwendo, mnyamata amene amathandiza pamalopo amangosinthira ku inayo. M'mawa imathamanga bwino, moti ndimakweza mafayilo a mawu aatali popanda kudukiza. Madzulo ophunzira akachuluka imalemera, koma imelo ndi WhatsApp zimayendabe. Ena mwa ife takhala tikuwanyengerera mayiwo kuti agule Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023. Iwo amayankha kuti kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, chilichonse chochokera kunja amayamba achiwerengera kawiri, ndipo safuna kutikwezera mtengo wa desiki. Pamenepa ndimawamvetsa.

Mnyamatayu ndiyenera kumutchula mwapadera. Tsiku lina bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma, anabwera ndi foni yawo kuti alowe pa msonkhano wa pa Zoom wa bungwe limene amalithandiza kulemba malipoti. Mawu sankamveka, ndipo thukuta linayamba kuwatuluka. Mnyamatayo anagwada pambali pa mpando wawo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, musadandaule, dinani apa pali kachithunzi ka maikolofoni. Eya, pomwepo. Tsopano lankhulani, akukumvani." Sanawalande foni m'manja. Anadikira kuti adine okha, ndipo mlungu wotsatira bambowo analowa pa msonkhano popanda kuitana munthu. Ndaonapo malo ambiri kumene wachinyamata wodziwa kompyuta amakuchititsa manyazi. Kuno kulibe zimenezo.

Koma chimene chandisunga pamalo pano si magetsi okha. Cha m'ma 10 koloko mayiwo amatulutsa fulasiki ya tiyi pakhonde, mayi wina wa ku Chikanda amabwera ndi beseni la zitumbuwa ndi mandasi, ndipo tonse timavula mahedifoni. Pamenepo m'pamene umadziwa amene wakhala nawo. Pali achimwene ena owerengera ndalama amene amasungira mabuku eni mashopu a m'tauni ndi kuwatumizira za msonkho ku MRA kudzera pa Msonkho Online. Pali mtsikana amene amajambula zikwangwani ndi makadi a ukwati, makasitomala ake n'kumamulipira pa Airtel Money kapena Mpamba osamuonapo. Nyengo zina kumadzaza anyamata ndi atsikana a kafukufuku atanyamula matabuleti, kudzatumiza mayankho amene atolera kumudzi. Ntchito imeneyi kale inali ya mapepala odzaza makatoni, koma ngakhale kalembera wa dziko lonse wa 2018 anachitika pa matabuleti. Pa tiyi pomwepo m'pamene timauzana kuti uku akufuna womasulira, uku amachedwa kulipira, mtengo woyenera wa ola limodzi la mawu ndi wakuti usavomere wochepera. Kontirakiti imene ndikugwira panopa ndinaimvera pakhonde limeneli. Munthu ukamagwirira ntchito kunyumba wekha, nkhani zotere sizikupeza, ndipo amakudyera masuku pamutu osadziwa.

Zimandikhudza ndikaganiza za bambo anga, amene anagwira ntchito ku Government Print mpaka kupuma. Zomba ndi tauni imene inakulira pa maofesi. Linali likulu la dziko mpaka 1975, aphungu a Nyumba ya Malamulo ankakumana konkuno mpaka m'ma 1990, ndipo mpaka lero MANEB, National Statistical Office ndi National Archives zili kuno. Kwa bambo, ntchito inkabwera ndi mpando wake, nyali yake, tchuthi chake ndi penshoni kumapeto. Ife a m'chipinda chino zonsezo timadzigulira tokha. Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, koma zimenezo ndi za olembedwa ntchito. Ife a makontirakiti afupiafupi timangolandira ndalama yathu atadulako msonkho, basi. Ukadwala malungo mlungu wathunthu, mlungu umenewo wapita. Sindikunena kuti ndikufuna kubwerera m'mbuyo, ayi. Ndimatha kukatenga mwana kusukulu masana popanda kupempha chilolezo kwa munthu, ndipo ndimagwira ntchito ya ku London ndili pansi pa phiri la kwathu, osasamukira ku Lilongwe kukalimbana ndi lendi. Koma ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo desiki imeneyi ndi mbali ya mtengowo.

Zofunika kukonza zilipo, ndipo mayiwo ndinawauza pamaso. Chachikulu kwa ine ndi denga. Chipindacho chilibe siling'i, ndipo aliyense wodziwa mvula ya ku Zomba akudziwa mmene imamenyera malata ikatsika m'phiri. Kwa wolemba malipoti si vuto kwenikweni, koma ine amene ndikuyesetsa kumva mawu a agogo olankhula motsitsa pa chojambulira, ndimangoima kudikira kuti ikate. Mipando yambiri ndi yapulasitiki, ndipo ukakhalapo tsiku lonse msana umadandaula, choncho ine ndimabwera ndi kapilo. Kachipinda kochitiramo misonkhano ya pa intaneti ndi kamodzi kokha, ndiye anthu awiri akakhala ndi msonkhano nthawi imodzi, winayo amalankhulira pakati pa tonse. Izi zimandidetsa nkhawa pa chifukwa chinanso. Zimene ndimamvetsera ndi nkhani za anthu, za matenda awo, ngongole zawo ndi mabanja awo, zimene anazinena atalonjezedwa chinsinsi. Madesiki a pakati amaonetsa sikirini yako kwa aliyense wodutsa. Ngati ntchito yanu ili ngati yangayi, pemphani desiki ya kukhoma, ndipo musasiye laputopu yotsegula popita ku tiyi. Pakhomo palinso masitepe, moti munthu woyenda pa njinga ya olumala sangalowe yekha.

Chimbudzi n'chaukhondo, madzi ndi sopo zimakhalapo nthawi zonse, ndipo kabaza sasowa panja.

Nkhani imene sitinagwirizanebe ndi ya nthawi yotsekera. Amatseka 6 koloko madzulo. Kwa amene makasitomala awo ali ku London zimatheka, chifukwa timasiyana ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Koma mtsikana wa zikwangwani uja ali ndi kasitomala ku New York, kumene kukamakwana 10 koloko m'mawa kuno imakhala 4 kapena 5 madzulo, ndiye ntchito ikangoyamba kutentha, mnyamata uja wayamba kale kutseka mawindo. Titawadandaulira, mayiwo anati, "Ana anga, ine sindikukana. Koma usiku pafunika mlonda wachiwiri, ndipo mabatire aja dzuwa likalowa sakhalitsa. Mukapezeka okwanira olipira pamwezi, tidzafika 9 koloko." Anapachika pepala pafupi ndi chitseko kuti ofuna nthawi ya madzulo alembe maina. Langa lilipo kale. Ngati muli mu Zomba ndipo ntchito yanu imafika usiku, kayeseni theka la tsiku, mufike m'mawa madesiki a kukhoma asanathe, ndipo mukakhutira mulembe lanu potuluka.