Lightroom ndi Photoshop, kapena darktable ndi GIMP: tigwire ziti?

Anzathu ojambula akandifunsa kuti pulogalamu yabwino yokonzera zithunzi ndi iti, ndimayamba ndawafunsa kuti akufuna kuchita nacho chiyani chithunzicho. Ntchito zake zilipo ziwiri. Ina ndi kukometsa chimene kamera yagwira kale: kuwala, mthunzi ndi mitundu. Ina ndi kumanga chithunzi chatsopano, kusanjikiza zithunzi zingapo, kuchotsa ichi n'kuikapo icho. Lightroom ndi darktable zimalimbirana ntchito yoyambayo, Photoshop ndi GIMP yachiwiriyo.

Pa ntchito yoyamba, chuma chonse chili mu fayilo ya RAW, imene imasunga zimene kamera yagwira zisanakonzedwe. JPEG, fayilo wamba ya zithunzi, imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu imene imapanga chithunzi (wofiira, wobiriwira ndi wabuluu), pomwe RAW ya 14-bit imasunga 16,384. Mudzaziona bwino mukajambula munthu atakhala chofulatira zenera, kunja dzuwa likuswa mtengo. Nkhope imada bii, zenera n'kuyera mbee. Mukakweza mthunzi pa JPEG, tsaya limatuluka timadontho ndi mizere yamitundumitundu. Pa RAW khungu limabwerera ndi mtundu wake weniweni, ndipo nthawi zina ngakhale makwinya a katani ya pazenera amaonekanso.

Lightroom, imene Adobe inatulutsa mu 2007, imachita zimenezi mosavutitsa munthu. Mukakoka Shadows (ya mthunzi) uku ndi Highlights (ya malo owala) uko, chithunzi chimakhala chitayamba kale kukoma. Masiku ano imazindikira yokha pamene pali munthu ndi pamene pali thambo, n'kukupangirani m'kanthawi kochepa mask, chopatula malo okhawo amene mukufuna kukonza. Ngati muli ndi zithunzi zambirimbiri za tsiku limodzi ndipo wina akuzidikira, palibe chokanira, Lightroom ndi yachangu. Chondiwawa n'chakuti sigulidwanso kamodzi n'kukhala yanu. Yomaliza yotero inali Lightroom 6, ndipo lero mumalipira mosalekeza. Mukasiya kulipira, Lightroom Classic, imene inalowa m'malo mwa Lightroom 6, imakulolani kuona ndi kutulutsa zithunzi zanu, koma gawo la Develop, lomwe mumakonzeramo, limatsekeka.

Darktable inayambitsidwa ndi Johannes Hanika mu 2009, ndi yaulere, ndipo aliyense wodziwa akhoza kuisintha. Tsiku loyamba imazunguza mutu: zida zake n'zochuluka, mayina ake n'ngachilendo, ndipo RAW ikatseguka imaoneka yozilala kuposa mmene munaionera pa kamera. Ambiri amathawira pomwepo. Koma amene amapirira amapeza chida chotchedwa tone equalizer, chimene ine ndimachikonda kwambiri. Chimagawa kuwala kwa chithunzi m'magawo kuyambira kumdima mpaka koyera. Mumangoika kalozera wa mouse pa tsaya lakuda lija n'kuzunguza kawilo pang'ono, tsayalo ndi malo onse a mdima wofanana nalo n'kuwala, zenera osasuntha. Chinanso, pafupifupi chida chilichonse mukhoza kuchiuza kuti chigwire malo amene mwalemberera, kapena mtundu umodzi wokha, mwachitsanzo kufiira kwa malaya osakhudza milomo. Kwa munthu amene amakhala madzulo onse ndi chithunzi chimodzi, kufuna kuti chinene zimene zinali mumtima mwake pojambula, ufulu umenewu ndi waukulu. Pamenepa ine ndili kumbali ya darktable.

Pa ntchito yachiwiri sindinganame, Photoshop ili patsogolo. Inatuluka mu 1990, ntchito ya abale awiri, Thomas ndi John Knoll, ndipo zaka zonsezi yakhwima. Ma adjustment layer ndi ma smart object, omwe ndi mitundu ya ma layer (zigawo zosanjikizana za chithunzi), amakulolani kubwerera n'kusintha chimene munachita dzana popanda kugumula zimene mwamanga pamwamba pake. Ngati chithunzi chikupita kosindikiza, imagwira bwino mitundu ya CMYK, imene makina osindikizira amagwiritsa ntchito. Ilinso ndi Generative Fill, yomwe inabwera mu 2023 ndipo imadzaza malo ndi zinthu zimene yapeka yokha. Imeneyo ndimaigwira mosamala, chifukwa mtambo umene yaika pamenepo si umene ndinauona ndi maso anga, ndipo kwa ine kusiyana kumeneko n'kofunika.

GIMP, imene Spencer Kimball ndi Peter Mattis anayamba ali ophunzira pa yunivesite ya ku Berkeley ku America, ndi yaulerenso. Kwa zaka zambiri vuto lake linali lakuti ukaika filter, chida chosintha maonekedwe a chithunzi, waika basi. GIMP 3.0 ya mu Marichi 2025 inakonza zimenezo, ndipo tsopano ma filter ambiri mukhoza kuwasintha kapena kuwachotsa pambuyo pake. Ma layer ndi ma mask ilinawo, moti kusanjikiza nkhope ndi masamba a mtengo kuti zikhale chithunzi chimodzi imatha bwinobwino. RAW yokha siitsegula payokha, imadalira darktable kapena pulogalamu ina ya RAW yotchedwa RawTherapee.

A pafoni musadandaule, Snapseed ya Google ndi yaulere, ndipo chida chake cha Selective chimawalitsa malo amene mwakhudza okha. Poyambira n'chokwana.

Muganizire ichi musanazike mizu. Zimene mwakonza mu Lightroom sizisamukira ku darktable zili zonse, ndipo za darktable Lightroom siziwerenga. Tengani RAW imodzi yovuta, ya mthunzi wakuda ndi kuwala kothobwa m'maso, muikonze m'mapulogalamu onse awiri, kenako musankhe pulogalamu imodzi, zithunzi zisanachuluke.