Amisiri a magetsi amene anandikhomera chigayo ndi loko tsiku lathunthu

Anzanga a zigayo ndi a mawelding akhala akundifunsa za amisiri amene anandigwirira ntchito ya magetsi mwezi wa Okotobala uja, ndiye ndati ndingolemba kamodzi zonse, zabwino ndi zondinyansa zomwe. Dzina lawo ndi nambala sindiyika pano poti sindinawapemphe, ofuna mundipeza pachigayo, mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera msewu wa ku Namwera. Ndi bambo mmodzi wachikulire ndi mnyamata wake, ali ndi kashopu pa boma pompa pa Mangochi.

Chigayo changa ndi cha three phase, magetsi a mawaya atatu amoto, mota ziwiri, yokonola ndi yogaya, ndipo amayendetsa ndi mwana wa achimwene anga. Bokosi la sitata ya chogaya linayamba kale kuluma ukalikhudza, pang'ono chabe ngati nyerere, mnyamatayo ankangokulunga thumba kudzanja n'kudina batani basi ntchito ikupitirira. Ine ndinkadziwa, sindinama, ndipo mpaka lero zimandiwawa mumtima kuti ndinazilekerera. Ndiye m'mawa wina atawaza madzi pansi kuti fumbi likhale, ali chosavala nsapato, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kuno mukukudziwa kuja, anagwira bokosi lija ndi dzanja lenilenilo. Kukuwa kwake sindidzaiwala. Mwayi wake anagwa chagada dzanja n'kuchoka, tinamunyamula pa kabaza wa njinga yamoto kupita naye kuchipatala ngakhale iye ankakana kuti ali bwinobwino, anamuona n'kumuuza akapume.

Zaka zonsezi magetsi ankandikonzera mnyamata wina wa m'dera mwathu, uja amadziwa zonse, mipope iye, wailesi iye, magetsi iye. Ndinkamukonda chifukwa sankaimitsa chigayo, ankangoponda pa thabwa atavala patapata, tesita ya sikuludiraiva ija pakamwa, n'kumamanga mawaya magetsi ali moyaka, ine n'kumati koma mwanayu ndi katswiri. Ulendo uno amuna anga anati ayi, tiitane a mapepala.

Tinapangana 8 koloko, anafika cha m'ma 10 ndi theka, chimenecho ndi choyamba chondinyansa ndipo sanapepese mokwanira. Koma asanatsegule n'chikwama chomwe anatulutsa chiphaso chawo cha ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ndisanafunse, akuti aliyense wogwira mawaya a m'nyumba kapena pa bizinesi muzimufunsa chimenechi. Tsikulo magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha, ndiye ine ndinati bambo mwayi wake ndi uno, gwirani msangamsanga asanabwere kuti akamayaka ife tiyambe kugaya. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, magetsi othima okha ine sindiwakhulupirira. Amene adzawayatse uko sakudziwa kuti dzanja langa lili m'bokosi mwanu."

Anapita pa meni switchi, anatsitsa, anakhoma ndi loko wawo wofiira, kiyi m'thumba la ovolosi, kenako anamangirira kakatoni kolembedwa ndi maka kuti MUSAYATSE ANTHU AKUGWIRA NTCHITO. Atatero anayamba mafunso ngati apolisi, muli ndi jenereta, muli ndi sola, pali waya wina wochokera kwa aneba. Ndinawaonetsa kajenereta kanga kowunikira madzulo, ndipo ataona chingwe chake nkhope inasintha, chinali ndi pulagi mbali zonse ziwiri, ina ku jenereta ina kuisomeka pa soketi ya pakhoma, ndi mmene anandipangira mnyamata wa m'dera mwathu uja. Akuti chingwe chotere mano a pulagi amakhala ndi moto ali pamtetete, komanso ukaiwala kutsitsa meni switchi magetsi a jenereta yako amabwerera ku laini ya panja, akadutsa mu thiransifoma amakwera mphamvu, ndiye munthu wa ESCOM amene wakwera pa pholo akudziwa kuti laini ndi yozimitsa angathe kufera pomwepo chifukwa cha iwe. Anachidula pakati ine ndikuona, sanandipemphe n'komwe, anati ngati mukufuna jenereta tikuikireni changeover switch, yosankha pakati pa magetsi a ESCOM ndi a jenereta kuti asakumane.

Apa ndi pamene ndinayamba kutopa nawo, chifukwa ngakhale atakhoma loko sanagwirebe chilichonse. Anatulutsa tesita ya mawaya awiri, poti magetsi kunalibe anayamba ayiyesa pa kabokosi kena ka batire kuti aone ngati tesitayo ili moyo, kenako kuyeza m'bokosi la sitata, phase ndi phase inzake onse atatu, phase iliyonse ndi neutral, phase iliyonse ndi earth, atamaliza n'kubwereranso pa kabokosi kaja kuyesanso tesita kachiwiri. Ndinafunsa kuti zonsezi n'zachiyani poti dera lonse lili zii. Mnyamata wawo ndi amene anandiyankha, anati mama tesita ikafa imaonetsa chimodzimodzi ngati waya wopanda moto, ndiye timafuna titsimikize kuti sinatifere m'manja. Ya sikuludiraiva ija akuti saidalira n'komwe, kagetsi kake padzuwa sikaoneka ndipo dzanja lako limakhala pafupi kwambiri ndi waya.

Itangodutsa 12 koloko tinangomva ana kumsewu, abwera! abwera! wailesi ya pa barbershop n'kuphulika nyimbo nthawi yomweyo. Ine ndinali nditaima pakhomo ndikuwaona bwinobwino bambo aja, manja onse awiri ali m'kati mwa bokosi, sipanala ili pa bawuti pomwe pamalowa mawaya atatu akuluakulu aja. Sanatembenuke n'komwe, anangopitiriza kumasula. Miyendo yanga ndi imene inafooka, ndinakhala pansi pa thumba la chimanga la kasitomala, chifukwa ndi ine amene ndinawauza maola awiri apitawo kuti gwirani msanga musavutike ndi kuthimitsa. Pakati pa mawaya amenewo pamakhala ma volts 400, osati 230 a m'nyumba aja, ndipo a 230 omwewo amapha.

Koma mtima wa bizinesi ndi wovuta abale, pasanathe mphindi makumi awiri amayi anali atandandalika mabeseni ndi matumba panja, ena achokera kutali pa njinga, ndiye ndinayamba kuwachonderera kuti yokonola ija ilibe vuto tiloleni tiyatse ola limodzi lokha inu muzigwira mbali inayo. Anakana. Akuti mota zonse zikudyera pa switchi imodzi ndipo earth ndi imodzi, sanaione, ndiye palibe choyatsa. Mwana wa achimwene uja anazemba kupita pa meni switchi poganiza kuti andithandize, anakapeza loko, ndipo bambo aja atamva kugwedeza anamukalipira mpaka ine ndinamva chisoni, koma tangoganizani pakanakhala popanda loko. Makasitomala anasenza katundu wawo kupita ku chigayo china ine ndikuona, tsiku lonse sindinagwire ngakhale tambala, ndipo madzulo ake ndinawadandaulira amuna anga kuti anthu anu a mapepalawa andiphera geni.

Zimene anapeza anandiitana kuti ndione ndi maso anga, ichi ndinachikonda, sanangondiuza pakamwa. M'bokosi munali ufa wokhuthala ngati chala, wina utada chifukwa chopserera, ndi buluzi wouma atakanirira pakati pa zitsulo. Waya mmodzi bawuti yake inali yosamanga, unkatentha mpaka chikopa chake chinasungunuka n'kukhudza chitsulo cha bokosi, ndiko kuluma kuja. Pa fyuzi imodzi panalibe fyuzi, panali waya wa kopa wopiringiza, ntchito ya katswiri wanga uja. Kenako anandizungulitsa kuseri kwa nyumba, anakumba pang'ono ndi khasu pomwe pali chitsulo cha earth chokhomera pansi, waya wobiriwira ndi chikasu uja unali utaduka kalekale ndi dzimbiri, ukungolendewera. Anandifotokozera kuti earth ikakhala yabwino, waya wamoto ukakhudza bokosi magetsi amathamangira njira imeneyo mwamphamvu fyuzi n'kuduka kapena bureka n'kugwa, koma kwa ine earth kunalibe, fyuzi kunalibe, njira yokhayo yotsala yopitira pansi inali thupi la mwana uja ataponda ponyowa. Za ufa anati musamauone ngati fumbi wamba, ufa wouluka ukakumana ndi moto wa shoti umayaka, ndipo moto wa magetsi sathira madzi, mugule chozimira moto cha dry powder kapena cha CO2.

Mota anaiyeza ndi chipangizo china amati megger kuona ngati mawaya a m'kati sakudontha magetsi, inapezeka ili bwino. Contactor, switchi ya m'bokosi imene imalumikiza magetsi ku mota, ndi imene inali itapsa mano, pa boma sanaipeze ya saizi yake, anaitanitsa ku Blantyre ndipo inatenga masiku anayi pomwe anandilonjeza awiri. Yokonola anailola kuyamba mawa lake atakonza earth ndi fyuzi, koma yogaya anachotsa mawaya ake n'kuwatseka, moti masiku amenewo ndinkangokonola mphale anthu n'kukagayitsa kwina. Lachisanu masana foni sayankha, ali ku mzikiti, zimenezo ndi zomveka kuno kwathu, koma masiku enawo nawonso kuwapeza pa foni ndi ntchito, uyimbe kanayi.

Pali gawo lina limene anagwira magetsi ali moyaka, ndipo anandiuza kuti ndi lokhali basi poti sungayeze mphamvu imene mota ikukoka itazima. Apa ndiye anasintha ngati munthu wina. Anavula wotchi ndi mphete n'kupatsa mnyamata, anayang'ana magolovesi a labala aja powauzira mpweya ngati chibaluni kuti aone ngati sanabooke, anavala magalasi, anayala mphasa ya labala pansi pouma, anamanga chingwe kuchokera pa chitseko kufika pa sikelo kuti aliyense asadutse, ngakhale ine mwini wake anandiimika kunja kwa chingwecho. Mnyamata anamuimika pa meni switchi dzanja lili pa chogwirira, ntchito yake kungoyang'ana abwana akewo basi. Poyeza ankagwiritsa dzanja limodzi linalo ali nalo kumbuyo, akuti kuti zikavuta magetsi asadutse pachifuwa kuchoka dzanja ili kupita linalo, nkhope atapatutsira kumbali pang'ono poyatsa chifukwa shoti ya three phase imalavula moto ndi zitsulo zosungunuka. Anakoleka chipangizo choyezera mphamvuyo, amati clamp meter, pa waya uliwonse, manambala atatu anafanana, anatseka bokosi, zonse sizinathe mphindi khumi. Masikuludiraiva awo ndinawagwira ndekha pambuyo pake, ndi okutidwa mpaka kunsonga, olembedwa 1000V.

Pa masoketi ndi magetsi owunikira anandiikira earth leakage ya 30 mA, ija imagwa yokha magetsi akayamba kudutsa mwa munthu, ili ndi kabatani kolembedwa T koti tizidina nthawi ndi nthawi kuona ngati ikugwa. Ndinadabwa kuti kanambala kochepa choncho, anati mayi thupi la munthu silifuna zambiri, magetsi ochepa kuposa amene babu lakale lija limadya ndi okwana kuumitsa zala kuti usathe kusiya waya ndi kusokoneza mtima, makamaka khungu likanyowa ndi thukuta. Anatisonkhanitsa tonse, ine, mnyamata wa chigayo ndi mlonda, n'kutiuza kuti munthu akagwidwa osamukoka ndi manja, thamangira pa switchi, ikakhala patali mukankhe ndi mtengo wouma utaponda pouma, ndipo apite kuchipatala ngakhale akuseka, poti mtima umatha kuvuta pambuyo pake. Anayamikira kuti tinapita naye tsiku lija.

Mtengo wawo ndi wokwera, osabisa, kuposa kawiri zimene ndinkalipira kale, ndipo sachotsera olo uwadandaulire bwanji. Risiti ndinachita kuilondola kushopu kwawo patatha sabata. Zidutswa za mawaya anazisiya mbwee pansi tinasesa tokha. Ndinawapemphanso kuti aone mbali ya mita poti chivundikiro chake chikugwedera, anakana kukhudza, akuti pali sili ya ESCOM ndipo kuchokera pa mita kupita ku pholo si kwawo, ndikanene ku ofesi, ndinakanena.

Kwa inu a zigayo, a welding, a ma cold room a nsomba ku Makawa ndi ku Monkey Bay uko, ine ndikuti aitaneni, koma musankhe tsiku loti mwavomera kutseka, muwauziretu makasitomala dzulo lake, chifukwa loko uja sachotsa ngakhale mulire. Ngati mukufuna woti akonze chigayo chikulira awa si anu. Ine ndinagula loko wanga wofiira, amakhala pa msomali pambali pa meni switchi, mwana wa achimwene akafuna kusintha lamba kapena sefa amakhoma kaye kiyi n'kuika m'thumba mwake, ndinamugulira ndi nsapato za sefite ngakhale amadandaula kuti zikumuotcha. Bambo aja anati abweranso mvula isanayambe kudzayeza earth ija ndi kupukuta ufa m'mabokosi, ndayamba kale kuwaimbira poti ndikudziwa mafoni awo.