Ring of Kerry kapena Slea Head, mupite kuti?

Mukafika ku County Kerry ku Ireland muli ndi galimoto koma tsiku ndi limodzi lokha, nkhani imakhala yosankha pakati pa misewu iwiri yozungulira yoonera malo, Ring of Kerry ndi Slea Head Drive. Ring of Kerry ndi yaitali, makilomita pafupifupi 179, mumanyamuka ku Killarney kudutsa Killorglin, Cahersiveen, Waterville, Sneem mpaka Kenmare kenako kubwerera kudzera pa Moll's Gap ndi Ladies View pomwe nyanja za Killarney zimaoneka cha kumunsi. Kukongola kulipo ndithu koma nthawi yotentha mabasi a alendo amangoti mbwee, ndiye mukakhala kumbuyo kwa limodzi mumangokwawa, tsiku lonse lathera mgalimoto.

Slea Head ndi yaifupi, makilomita ngati 47 kuchokera ku tawuni ya Dingle n'kubwereranso komweko, koma ine mtima wanga uli kumeneko. Msewu ndi wopapatiza zedi, mbali iyi phiri mbali inayo phompho kenako nyanja ya Atlantic, pena pake kamtsinje kamadutsa pamsewu penipeni. Mumaona zilumba za Blasket zomwe anthu ake omaliza anasamutsidwa mu 1953, tinyumba tamiyala tozungulira takalekale, komanso Gallarus Oratory, katchalitchi ka miyala yokhayokha kopanda simenti koma mpaka lero mvula silowa mkati. Anthu akumeneko amalankhulabe chiIrish tsiku ndi tsiku.

Kuyendetsa ndi kumanzere ngati ku Malawi, koma pa Slea Head mukachoka ku Dingle yambirani mbali ya mudzi wa Ventry, mabasi amadzera komweko ndiye simukumana nawo maso ndi maso pakona.