Kutsuka Filimu Yakuda ndi Yoyera: Njira ya Stand ndi Njira Yachizolowezi Patapita Miyezi

Njira ya stand imakopa anthu ambiri amene amatsuka okha mafilimu a zithunzi zakuda ndi zoyera (kutanthauza kuwaviika m'mankhwala otulutsa chithunzi) chifukwa imalonjeza zambiri pa ntchito yochepa. Munthu amasakaniza gawo limodzi la mankhwala a Rodinal ndi magawo 100 a madzi, amathira m'thanki yaing'ono yosalowa kuwala imene muli filimu, amagwedeza m'mphindi yoyamba yokha, kenako amaisiya thankiyo kwa ola lathunthu osaikhudzanso. Pa njira yachizolowezi mankhwala amakhala amphamvu, nthawi imakhala yochepa, ndipo thanki imatembenuzidwa mphindi iliyonse. Kwa miyezi yambiri tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito njira zonse ziwirizi pa filimu za Ilford HP5 Plus ndi FP4 Plus, yaing'ono ya 35mm ndiponso yaikulu ya 120, ndipo zimene ndaona n'zakuti stand ndi njira ya zithunzi zapadera, osati ya tsiku ndi tsiku.

Ubwino wake weniweni umachokera pa mmene mankhwala osungunuka kwambiri amagwirira ntchito akakhala osagwedezedwa. Pamalo pamene filimu inalandira kuwala kochuluka, monga khoma loyera kapena mtambo, mankhwala oyandikana ndi malowo amatha mphamvu msanga, ndipo popeza palibe chowabweretsera ena atsopano, kutsukika kumachedwa. Pamalo amthunzi mankhwala samatha msanga, choncho amapitirizabe kugwira ntchito mpaka ola litakwana. Mapeto ake, negetivi imasunga tsatanetsatane m'malo owala ndi amdima omwe. Izi ndaziona bwino pa zithunzi zojambulidwa dzuwa lili paliwombo, pamene munthu wakhala pakhonde lamdima koma kunja kukuwala kothobwa m'maso, komanso pa zithunzi za usiku za m'misika pamene mababu amawala pakati pa mdima. Pa zithunzi zoterezi, HP5 Plus yotsukidwa mwa stand inasindikizika mosavuta kuposa inzake yotsukidwa mwachizolowezi, imene malo ake owala anada kwambiri moti kuwala kwa makina okulitsira chithunzi kunkavutika kudutsapo. Palinso kakuthwa kena kamene kamaoneka m'malire a chinthu chowala ndi chakuda, kamene kamachititsa masamba a mitengo ndi mizere ya njerwa kuoneka bwino kwambiri, ndipo ineyo ndimakakonda.

Koma khalidwe lomwelo limene limapulumutsa chithunzi cha masana limawononga chithunzi cha tsiku la mitambo. Kuwala kukakhala kofewa kale, monga m'masiku a chiperoni, stand imatulutsa negetivi yozizira, yopanda chakuda chenicheni kapena choyera chenicheni, ndipo nkhope za anthu zimaoneka zotuwa. Munthu angathe kukonza pang'ono pa kompyuta akaijambula ndi sikana, koma wosindikiza pa pepala m'chipinda chamdima amavutika nayo.

Vuto lalikulu, limene silionekera pa filimu zoyambirira koma limadziwika mafilimu akachuluka, ndi kusatsukika mofanana. Filimu ikamatsukika imatulutsa mchere wina wotchedwa bromaidi, ndipo madzi okhala ndi bromaidi amalemera n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kulowera pansi, kulepheretsa kutsukika paliponse pamene adutsa. Pa filimu ya 35mm izi zimaoneka ngati mizere yochokera pa tizibowo ta m'mbali, ndipo pa filimu ya 120 mbali imodzi ya chithunzi imatha kuwala kuposa inzake. Pa chithunzi chodzaza ndi udzu kapena khamu la anthu, mizereyi imabisika. Pa thambo lopanda mitambo kapena pamadzi odekha a nyanja, imaonekera poyera, ndipo palibe njira yoichotsera pa negetivi. Chodetsa nkhawa n'chakuti vutoli silibwera nthawi zonse: filimu imodzi imatuluka bwino, inzake yotsukidwa chimodzimodzi imatuluka ndi mizere. Kutembenuza thanki kamodzi kapena kawiri pakatha mphindi 30, kumene ambiri amati semi-stand, kunachepetsa mizereyi kwambiri, ndipo tsopano sindisiyanso thanki ola lonse osaikhudza.

Anthu ambiri amanena kuti pa stand kutentha kwa madzi kulibe ntchito. Mawu amenewa angakhale oona kumayiko ozizira kumene chipinda chimakhala pafupi ndi madigiri 20, koma kwathu kuno mu Okutobala ndi Novembala madzi a pampopi amatuluka ofunda, ndipo ngakhale munthu awaziziritse ndi ayezi, pakutha kwa ola amakhala atafundanso. Madzi akamasintha kutentha ali m'thanki amayamba kuyendayenda okha, zimene zimawonjezera kusafanana kuja, ndipo timadontho ta siliva timene timapanga chithunzi timaoneka tokhakhala, makamaka pa HP5 Plus ya 35mm, popeza Rodinal sabisa timadontho timeneti mpang'ono pomwe. Kusunga madigiri 20 kwa mphindi 11, imene ndi nthawi ya HP5 Plus mu Rodinal wa gawo limodzi pa magawo 50, n'kosavuta poyerekeza ndi kuwasunga kwa mphindi 60. Ndimaimika thanki m'beseni la madzi ozizira, koma beseni nalo limafuna kuliyang'anira, ndiye ufulu umene stand imalonjeza uja umachepa.

Za lonjezo lina lakuti munthu angajambule pa filimu imodzi ndi ISO zosiyanasiyana (ISO ndi nambala yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene filimu imafuna) n'kutsuka zonse bwinobwino, ndinganene mwachidule kuti chithunzi chimene chinalandira kuwala kochepa chimatulukabe chopanda tsatanetsatane m'mithunzi. Mankhwala sangatulutse chimene filimu sinalandire.

Njira yachizolowezi ilibe zodabwitsa, ndipo ubwino wake ndi womwewo. HP5 Plus mu Ilford ID-11, mankhwala ena otsukira filimu, wosakaniza ndi madzi ofanana naye imatenga mphindi 13 pa madigiri 20, ndipo thanki imatembenuzidwa kanayi m'masekondi khumi oyamba a mphindi iliyonse monga mmene a Ilford amalangizira. Ndikayala manegetivi a miyezi yosiyanasiyana patebulo lowala, otsukidwa mwanjira imeneyi amafanana ngati ana a mimba imodzi, thambo lake ndi losalala, ndipo nkhope zimakhala ndi kusintha kofewa kuchoka powala kufika pamthunzi. Chofunika koposa n'chakuti njirayi imandipatsa mphamvu yosankha. Ndikadziwa kuti filimu yonse inajambulidwa padzuwa lowala kwambiri, ndimachepetsa nthawi pang'ono; ikakhala ya tsiku la mitambo, ndimawonjezera. Stand ili ndi yankho limodzi lokha pa mtundu uliwonse wa kuwala.

Pa nkhani ya ndalama, Rodinal ndi wovuta kumupikisa, ndipo izi n'zofunika kwa ife amene timachita kuitanitsa mankhwala kuchokera kunja. Mankhwalawa, amene kampani ya Agfa inawayambitsa mu 1891 ndipo masiku ano amapangidwanso ndi a Adox, amakhala zaka ali m'botolo ngakhale atasintha mtundu n'kuda. Mamililita asanu okha amakwana madzi a mamililita 500, ndipo sindichepetsa kuposa pamenepo pa filimu imodzi, ngakhale thanki ya Paterson imafuna mamililita 290 okha pa 35mm, chifukwa mankhwala akachepa kwambiri amatha filimu isanatsukike. ID-11 kapena mnzake wofanana naye, Kodak D-76, akasungunulidwa amakhala pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi m'botolo lodzaza ndi lotsekedwa bwino, choncho wotsuka mwa apo ndi apo amataya wotsala. Komabe kutsika mtengoku ndi kwa Rodinal, osati kwa stand, chifukwa botolo lomwelo limagwiranso ntchito mwachizolowezi.

Panopa FP4 Plus ndimaitsuka mu Rodinal wa gawo limodzi pa magawo 50 ndikutembenuza thanki mphindi iliyonse, HP5 Plus ya zithunzi za anthu imapita mu ID-11, ndipo semi-stand ndimaisungira filimu ya 120 yojambulidwa usiku kapena masana a dzuwa lowala kwambiri, bola pachithunzipo pasakhale thambo lalikulu lopanda kanthu.