Kuoda zipangizo zosokera ku China kudzera mwa mayi wa ku Lilongwe

Ndimasoka pa Dedza boma, pakhonde la sitolo ina chakumsika. Zaka zonsezi zipi, masingano ndi lesi ndakhala ndikukagula ndekha ku Lilongwe, cha ku Malangalanga. Ndi makilomita opitirira 80 pa M1, ndiye ukanyamuka m'mawa umabwerako dzuwa litapendeka, mashini atagona tsiku lonse. Chaka chatha mnzanga wa ku Lizulu anandilowetsa m'gulu la pa WhatsApp la mayi wina amene amaodera anthu katundu ku China, ndipo pano ndaodako kasanu.

Zimayenda motere. Chinthu umafufuza wekha pa Alibaba kapena AliExpress, misika ya pa intaneti ya ku China, n'kuwatumizira chithunzi chake. Iwo amakuuza mtengo m'makwacha, iwe n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ali ndi munthu wawo ku Guangzhou amene amasonkhanitsa maoda a anthu ambiri n'kutumiza pamodzi. Katundu wa pandege amawerengera pa kilo, pamene wa pa sitima ndi wotsikirapo koma umadikira miyezi. Za msonkho ku MRA amathana nazo okha, kenako phukusi amalikweza minibasi, kondakitala n'kukuimbira akamadutsa pa Linthipe. Popanda munthu wotere ine sindikanatha, chifukwa kumeneko amafuna madola, ndipo ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno. Komanso nyumba yanga ilibe nambala yoti mlendo angaipeze.

Oda yoyamba ndimaiyamikira mpaka lero. Ndinagula bokosi la timapazi ta mashini, 32 tosiyanasiyana, ndi mota yaing'ono yomangirira pa mashini opalasa. Mwa timapazito muli kamodzi kosokera zipi yobisika. Kali ndi timizere tiwiri kunsi kwake, mano a zipi amalowa m'menemo, singano n'kumadutsa m'mphepete mwenimweni. Ukatembenuza diresi, kumsana kumangooneka msoko umodzi woongoka. Kale ntchito imeneyi ndinkachita kusula kawiri katatu, maso akuwawa. Mota nayo ikugwirabe, magetsi akazima ndimangobwezera lamba n'kuyamba kupalasa. Katunduyu anafika patatha masabata atatu monga ananenera, chilichonse chili m'malo mwake.

Koma mtengo wa pa foni usakunyengeni. Pamwamba pake pamabwera ya ndege, msonkho, phindu la amayiwo ndi ya kondakitala. Ndiye dola saiwerengera pa mtengo wa kubanki. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu cholemera ngati mota chimafika pafupifupi pamtengo wa ku Lilongwe komweko. Phindu lenileni lili pa zinthu zopepuka zimene kuno sizipezeka. Chomwe sindikondwa nacho n'chakuti ya kulemera amakuuza katundu atafika kale. Akanamanena poyamba, ngakhale mongoyerekeza, munthu ukanamadziwa pokonzekera.

Oda yachitatu ndi imene inandiliza. Unali ukwati wa mu Ogasiti, operekeza mkwatibwi asanu ndi mmodzi, ndipo anasankha lesi yofiira moderapo, ija yangati vinyo. Tinaiona tonse pa foni yanga, aliyense n'kuvomera. Oodawo anati ifika m'masabata atatu, anakwana asanu, ine ndikungoyankha mafoni. Tsiku lomwe inafika ndinaitambasula pathebulo, mayi a mkwatibwi ali pomwepo. Anaikweza padzuwa, n'kuisisita ndi chala, kenako anati, "Amayi, mtundu wake si uwu. Iyi ndi yapinki." Sananame. Inalinso yolimba ngati neti ya udzudzu, yokanda pakhungu. Kunali kutatsala masiku 9. M'mawa mwake, kuzizira kwa ku Dedza kuja, ndinakwera minibasi yoyamba kukagula ina ndi ndalama zanga.

Nditawadandaulira oodawo anandiyankha mwaulemu ndithu, koma anati kubweza katundu ku China kumadya ndalama zoposa katunduyo, ndiye palibe chomwe angachite. Anandichotserako pang'ono pa ya ndege ya oda yotsatira. Sindiwaimba mlandu pa mtundu, chifukwa iwo anagula chomwe ndinaloza. Koma akanamuuza munthu wawo wa ku Guangzhou kuti aijambule isananyamuke, tikanadziwa nthawi ilipo. Ndinawapempha kuti azitero, ndipo pa oda yachinayi chithunzi chinabweradi.

Misika ya pa intanetiyi siyadzulo. Alibaba anaiyambitsa Jack Ma ku Hangzhou mu 1999, AliExpress yogulitsa kwa anthu wamba inabwera mu 2010, koma ife kuno yatifika posachedwapa, mafoni a pa intaneti atachuluka. Ndikuona momwe yasinthira anthu anga. Atsikana sabweranso ndi diresi lakale kuti nditengere sitayilo, amabwera ndi chithunzi cha pa Shein, msika wa zovala wa pa intaneti, "Anti, mundisokere ngati iyi." Ena sabweranso n'komwe, amangooda losokasoka, likafika lothina m'chiuno ndiye amandikumbukira. Zimandipweteka, chifukwa kaunjika anatilanda kale makasitomala ambiri, ndipo mwana amene ndikumuphunzitsa kusoka ndimamudera nkhawa. M'gulu lathu lija, likamayandikira tsiku la 11 Novembala pamene ku China amatsitsa mitengo, mauthenga sagona usiku wonse. Anthu amaoda mawotchi ndi zikwama zomwe sanaziganizeko dzulo lake, ena pa ngongole ya banki m'khonde.

Kwa atelala anzanga a ku Bembeke, Chimbiya ndi Ntcheu amene mumandifunsa: amayiwa ndi okhulupirika, ndalama zanga sizinasowepo. Chilichonse chachitsulo, chokhala ndi nambala, odani osaopa, bola musakhale ndi tsiku lokupanikizani. Oda yanga yachisanu ndatumiza Lolemba, masingano nambala 14 ndi 16 mapaketi khumi, ndi malamba awiri a mota. Lesi ya ukwati wa mu Disembala ndikagula ndekha ku Malangalanga, ndipo mkwatibwi wake ndikwera naye minibasi imodzi.