Kusinthitsa oyilo ndi fyuluta ya Hilux pa galaja ina ya ku Biwi

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux ya dizilo ya mu 2010, ya injini ya 2KD-FTV ya malita 2.5 imene ambiri amangoitchula kuti D-4D, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kunyamula soya, mtedza ndi feteleza pakati pa mzinda wa Lilongwe ndi midzi ya cha ku Mitundu ndi ku Malingunde. Misewu yolowera m'midzimo imakhala ya fumbi lokhalokha m'chilimwe ndi ya matope m'dzinja, choncho ndimasintha oyilo ikayenda makilomita 5,000 aliwonse, osadikira 10,000 amene amayenera galimoto yongoyenda pa phula ilibe katundu. Mwezi wathawu ndinapita koyamba pa galaja ina yaing'ono ya ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe momwemo, imene mnzanga woyendetsa minibasi anandiuza, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene ntchito inayendera kuti ena a mapikapu adziwe zoyenera kuyang'ana.

Chimene chinandikhazika mtima pansi poyamba ndi chakuti amakaniko aakulu a pamalopo, bambo achikulire ofatsa, sanandithamangitse kuti ndikadikire kutali. Anandilola kuima pambali pa dzenje limene amakaniko amatsikiramo pokonza kunsi kwa galimoto ndi kuona chilichonse. Popeza ndinafika m'mawa injini isanatenthe kwenikweni, anailiza kaye kwa mphindi zingapo, chifukwa oyilo wofunda amatsika msanga ndipo amakokolola zinyalala zimene zikanatsalira pansi pa sampu, chibeseni cha kunsi kwa injini mmene oyilo amakhazikika. Atamasula pulagi yotseka bowo lotulutsira oyilo sanafulumire kubwezeretsa. Anasiya oyilo akuchucha mpaka atayamba kudontha pang'onopang'ono, pamene m'malo ena amene ndinapitako kale mnyamata ankatseka oyilo akadali kuyenda pofuna kulandira galimoto ina.

Kenako anachita chinthu chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Anatenga tochi n'kusuzumira pabowo la pulagi kuti aone kasefa ka paipi imene pampu imakokera oyilo kuchokera mu sampu. Injini za D-4D zamtunduwu zili ndi vuto lodziwika: mawashala amene ali pansi pa mainjekita (zopopera dizilo m'masilinda) akatha, mpweya wotentha wa m'masilinda umadutsa n'kupsereza oyilo, ndipo makala amene amapangika amatsikira mu sampu n'kutseka kasefako. Kasefa kakatsekeka injini imasowa oyilo ngakhale dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, ikusonyeza kuti ngwodzaza, ndipo mapeto ake ndi kuphwasula injini yonse. Ndakhala ndi galimotoyi zaka zingapo, koma palibe makaniko wina amene anayang'anapo pamenepo ine ndisanamupemphe. Kasefa kanga anakapeza koyera, ndipo anandiitana kuti nditsikire m'dzenje ndidzionere ndekha m'malo mongokhulupirira mawu awo.

Pa nkhani ya fyuluta anali osamala chimodzimodzi. Ndinabwera ndi fyuluta imene ndinagula m'shopu ina ya zipangizo za galimoto m'tauni, ndipo ataitembenuza n'kuyang'ana mkati anandionetsa kuti labala yake ndi yolimba ngati pulasitiki ndipo mazinga ake ngosasalala. Anandilangiza mwaulemu kuti ndisaiike. Fyuluta yabwino ili ndi kavalavu kamene kamaletsa oyilo kubwerera mu sampu galimoto ikagona, ndipo kavalavuko kakakhala kachinyengo injini imalira m'mawa kwa kanthawi ilibe oyilo wokwanira, zimene zimadya mabeyaring'i ndi turbo pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zenizeni zakwera mtengo kwambiri, ndipo n'zomveka kuti ambirife timakopeka ndi zotchipa, koma ndinavomera kugula fyuluta ya Toyota imene anali nayo ili m'bokosi lake losatsegula. Anapaka oyilo watsopano pa labala yake, anapukuta pokhalira pake atatsimikiza kuti labala yakale sinamatirire, ndipo anaimanga ndi dzanja popanda kuikakamiza ndi sipanala. Pa pulagi anaikapo washala watsopano, kanthu kotsika mtengo kamene ambiri amakanyalanyaza mpaka pansi pa galimoto patayamba kuoneka madontho.

Oyilo anali wa 15W-40 wa injini za dizilo, wa muyezo wa API CI-4, ndipo zigubu zake anazitsegula ine ndikuona. Izi n'zofunika kwa ine chifukwa oyilo wotunga mu dilamu wina sudziwa kumene wachokera. Injiniyi imalowa pafupifupi malita 7 ukasintha ndi fyuluta yomwe. Iwo anathira ochepera pang'ono, analiza injini mpaka nyali ya oyilo itazima, anaizimitsa n'kudikira kuti oyilo akhazikike, kenako anawonjezera mpaka kufika pa chizindikiro cha pamwamba pa dipisitiki osapitirira. Anagogoda fyuluta ya mpweya n'kundionetsa fumbi lofiira limene linali m'mapindo ake, koma sanandiumirize kugula ina tsiku lomwelo. Anangonena kuti isapitirire ulendo wotsatira wodzasintha oyilo.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. Galajayi ili ndi dzenje limodzi lokha, moti ngakhale ndinafika isanakwane 8 koloko ndinadikira maola awiri kuti galimoto ziwiri zimene zinali patsogolo zithe, ndipo palibe podikirira pabwino kupatula benchi ya pansi pa mtengo. Lisiti analemba nditachita kupempha, ndipo sanamate kapepala kosonyeza makilomita amene ndiyenera kudzabweranso, choncho ndinalemba ndekha m'kope limene limakhala m'galimoto. Kwa munthu amene ali ndi dalaivala, kapena amene adzafune kugulitsa galimoto yake tsiku lina, zolembedwa zoterezi ndi umboni wofunika.

Chimene chinandidandaulitsa koposa ndi kasamalidwe ka oyilo wakale. Amamuthira mu dilamu yosavindikira imene ili panja, ndipo nthaka yozungulira yada bii. Anthu amabwera kudzagula oyiloyu kuti akapake mitengo ya denga poopa chiswe, koma amene amatayikira pansi amakokoloka ndi mvula kulowa m'ngalande, ndipo ngalande za mbali imeneyo zimathera m'mitsinje imene anthu amachapamo ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Ndinawauza bambowo maganizo anga, ndipo anandimvetsera bwino n'kunena kuti aikapo chivindikiro ndi kuwaka simenti pansi pake. Ndikadzapitanso ndidzayamba kuyang'ana pamenepo.

Mtengo wa ntchito ya manja unali wokwererapo poyerekeza ndi anyamata a m'mbali mwa msewu, koma wotsika kwambiri poyerekeza ndi magalaja akuluakulu. Kuyambira tsikulo galimoto yayenda maulendo anayi a ku Mitundu itasenza matumba, ndipo m'mawa uliwonse ndimasolola dipisitiki ndi kuyang'ana pansi pamene yagona: oyilo sanatsike ndipo palibe dontho ngakhale limodzi. Ikakwanitsa makilomita 5,000 ndidzabwereranso komweko, koma ndidzaimba foni dzulo lake kuti andisungire malo oyamba pa dzenje.