EGR ikavuta pa galimoto yakale: kuitsuka, kugula ina, kapena kungoitseka?

Kagetsi ka check engine kakayaka, makina oyezera n'kuonetsa P0401, code ya vuto la EGR (valavu ndi njira zobwezera utsi mu injini), pagalaja pamatuluka malangizo anayi nthawi imodzi. Wina akuti tsukani. Wina akuti thamangirani ku Biwi mukapeze ya sekandi. Wachitatu akuti musadzivutitse, itanitsani yatsopano. Ndiye pamakhala mkulu uja wokhala pa thayala, amene amayankhula osadzutsa mutu: "Bwana, ingoitsekani imeneyo, ilibe ntchito." Aliyense mwa anayiwa amalondola nthawi ina, koma osati pa galimoto imodzimodzi. Chimene ndachiona n'chakuti ambirife timasankha njira tisanadziwe chomwe chafa, ndipo kawirikawiri chakufacho si valavu ayi.

Ntchito ya EGR ndi yosavuta kuimvetsa. Moto wa mu silinda ukatentha kufika cha m'ma 1,370 digiri Celsius, nayitrojeni ndi okosijeni za mu mpweya zimagwirana n'kupanga mpweya woipa wa NOx. Opanga magalimoto ku America anayamba kuika EGR kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pofuna kukwaniritsa malamulo a utsi. Amatenga utsi pang'ono ku ekizozi n'kuubweza ku manifodi yolowetsa mpweya. Utsi wopsa kale suyakanso, choncho umangodzaza malo n'kuchepetsa ukali wa moto. Pa injini ya petulo utsi wobwererawo umakhala pakati pa 5 ndi 15 pa 100, ndipo valavu imakhala yotseka injini ikakhala yozizira, ikakhala pa sailensi, komanso mukaponda moto mpaka pansi. Pa dizilo ndi zina: valavu imatseguka ngakhale pa sailensi, ndipo utsi wobwerera ungafike theka la zonse zolowa galimoto ikamayenda mopepuka. N'chifukwa chake Hiace yongolira pasiteji kudikira anthu imadzaza mwaye msanga kuposa Hilux yoyenda Lilongwe–Mzuzu sabata ndi sabata.

Matenda ake ndi awiri otsutsana. Valavu ikakanirira yotsegula, injini imanjenjemera mukaima pa roboti, imazima, dizilo imafuka utsi wakuda ndi kusowa mphamvu, ndipo kompyuta ingalembe P0402. Ikakanirira yotseka kapena njira ya utsi ikatsekeka, sailensi imakhala bwinobwino, koma injini ya petulo imayamba kulira ngati mwaika timiyala m'chitini mukamakwera mtunda, ndipo P0401 amabwera. P0403 ndi wa magetsi: waya, pulagi kapena solenoid (kasiwichi ka magetsi koyendetsa valavu). Amene akukuuzani kuti mutsuke valavu chifukwa cha P0403 akukupatsani mankhwala a chifuwa pomwe mwathyoka mwendo.

Musanatulutse ndalama, yesani. Pa magalimoto omwe valavu yake imatsegulidwa ndi kuyamwa kwa mpweya (vakiyumu), monga ma Camry a injini ya 5S-FE a m'ma 1990, tenthetsani injini, isiyeni pa sailensi, chotsani kapaipi ka pamwamba pa valavu, n'kuyamwa mpweya ndi kapampu ka pamanja. Injini ikatsokomola kapena kuzima, valavu ili moyo ndipo njira ndi yotseguka. Vuto lili kumbuyo, kumene vakiyumu imachokera. Muvi wa pampu ukamatsika wokha, kalabala ka mkati mwa valavu kang'ambika. Muvi ukagwira koma injini osasintha kaliridwe, njira yatsekeka ndi mwaye. Mphindi zisanu zokha, ndipo mwagawa kale vutolo patatu. Pa ma Toyota amenewa, kambale kakang'ono kowongolera vakiyumu kotchedwa modulator ndi VSV, siwichi ya magetsi ya vakiyumu yobisala pansi pa manifodi, ndi zomwe zimayambitsa P0401 nthawi zambiri. Pa ma Ford a nthawi yomweyo wolakwa wodziwika ndi sensa ya DPFE, yoyeza utsi wodutsa mu EGR, ndi timapaipi take tiwiri tomwe timauma n'kusweka. Pa dizilo kuyesa kwa khutu sikuthandiza kwenikweni. Yang'anani pa makina oyezera nambala ya sensa ya MAF, yomwe imayeza mpweya watsopano wolowa mu injini. Valavu ikatseguka, mpweya watsopano wolowa uyenera kutsika moonekeratu. Ikapanda kutsika, utsi sukudutsa.

Tsopano tiyerekeze njirazo.

Kutsuka ndiyo njira yotsika mtengo: chitini cha carb cleaner, burashi, gasiketi yatsopano ndi tsiku la Loweruka. Imagwira ntchito pamene vuto ndi mwaye basi, ndipo pa dizilo zakale vuto limakhala lomwelo kambirimbiri. Koma pali kutsuka kuwiri. Kwina ndi kuja kwa mphindi makumi awiri: amamasula mabawuti awiri, kupopera mankhwala, kupukuta, kubwezera, kufufuta code, inu n'kulipira. Sabata isanathe kagetsi kayakanso, ndipo mumayamba kukhulupirira kuti kutsuka n'kutaya nthawi. Zoona zake n'zakuti anatsuka chitseko chokha koma khonde lonse lili lodzaza.

Mwaye wokha ndi wouma ndipo sumata kwambiri. Umasanduka phala ukakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera ku paipi yopumira injini, ndipo kukumanako kumachitikira mu manifodi. Amene anatsegulapo manifodi ya VW 1.9 TDI, kapena ya 2KD-FTV ndi 1KD-FTV za mu Hilux, Fortuner ndi Quantum zomwe zayenda makilomita ambiri, amadziwa zomwe ndikunena: bowo lomwe limayenera kulowa nkhonya limangolowa chala. Honda Accord V6 ya 1998 mpaka 2002 imadziwika ndi kabowo ka EGR ka mu manifodi komwe kamatsekeka. Eni ake ena anasintha valavu kawiri asanamve kuti valavu yakale ija inalibe mlandu. Choncho kutsuka kwenikweni n'kuchotsa manifodi, kuiviika, kupala, kudutsitsa waya m'timabowo mpaka kuwala kuoneke mbali inayo. Ndi ntchito yakuda, ndipo malaya omwe mwavala tsiku limenelo muwatsanzike.

Pali zingapo zomwe zimaononga ntchito yabwinoyi. Musapale mwaye manifodi ili pa injini, chifukwa zibulumwa zimagwera mu silinda ndipo zingakanirire pa mavalavu a injini. Musaviike mbali ya mota kapena ya kalabala m'mankhwala. Tsukani chitsulo chokha, valavu mutaiweramitsa kuti madzi asalowe kumagetsi. Soda woyaka ndi mankhwala otsukira uvuni amadya aluminiyamu, ndiye ngati manifodi ndi ya aluminiyamu gwiritsani parafini kapena dizilo ndi kuleza mtima. Ena amaotcha manifodi ndi moto kuti phalalo lipse. Pa ya pulasitiki imeneyo ndi ngozi yosafuna kufotokoza, ndipo ngakhale ya aluminiyamu ingapindike n'kuleka kukhala bwino pa gasiketi. Mabawuti a mbali ya ekizozi muwanyowetse usiku wonse. Limodzi likathyokera mkati, ntchito ya tsiku limodzi yasanduka ya sabata.

Ya sekandi ndi njira yomwe ndimaikayikira kwambiri, ngakhale ndimamvetsa chifukwa chake timaithamangira. Valavu yochokera mu injini yophwasula ya ku Japan ndi yeniyeni ya kufakitale, ndipo nthawi zina ndi yokhayo yomwe ingapezeke lero lomwe. Koma inapuma utsi zaka zambiri ngati yanu yomwe. Mukuchotsa nkhalamba n'kuika nkhalamba inzake. Ngati ndi ya vakiyumu, njirayi ndi yabwino ndithu, chifukwa mungaiyese pomwepo musanalipire: yamwani, onani ngati mpini ukukwera n'kugwira, thirani parafini pang'ono pa bowo muone ngati ikudontha valavu ili yotseka. Ya magetsi ndi ina nkhani. Sensa ya mkati yomwe imauza kompyuta malo a mpini imatha pang'onopang'ono, ndipo ndi maso simungaone. Gwirizanani zoti mukhoza kuibweza, ndipo yerekezani nambala yosindikizidwa pa valavu, osati dzina la galimoto. Injini imodzimodzi yogulitsidwa ku Japan, ku Ulaya ndi ku South Africa ingakhale ndi EGR zosiyana, ndipo ina ingakhale yopanda n'komwe.

Yatsopano ili pawiri. Ya kampani yomwe inapangira fakitale, monga Denso, Aisin kapena Pierburg, ndi yodula koma mukaika mwaiwala. Ndi yoyenera pamene mwatsimikiza kuti mota yapsa, sensa ya mkati ikunama (P0404 kapena P0405 wobwererabwerera mutatsuka ndi kuyeza mawaya), kapena mpini watha moti utsi ukutuluka m'mbali. Yopanda dzina, ya m'bokosi loyera, imafanana nayo pamaso. Vuto lake limakhala loti magetsi omwe sensa yake ikubweza sagwirizana ndendende ndi zomwe kompyuta ikuyembekeza, ndiye kagetsi kamayakabe ndipo simudziwanso ngati vuto ndi lakale kapena mwaligula. Magalimoto ena, makamaka a VW ndi Audi, amafuna kuti valavu yatsopano iphunzitsidwe ku kompyuta ndi makina. Ndipo valavu yatsopano yoikidwa pa manifodi yodzaza phala ndi ndalama zotayika: P0401 abwerera monga kale, chifukwa njira sinatsegulidwe.

Tifike kwa mkulu wa pa thayala uja. Kutseka n'kudula kachitsulo kopyapyala, kuika pakati pa valavu ndi paipi, basi. Sindinganame kuti sikugwira. Pa dizilo yakale yopanda kompyuta yanzeru, monga 2L-TE kapena 1KZ-TE ya mu Surf ndi Prado, manifodi imasiya kudzaza ndipo dalaivala amamva ngati galimoto yapepuka m'tauni. N'chifukwa chake njirayi ili ndi otsatira ambiri. Koma ili ndi mtengo wake womwe sauonetsa pa risiti.

Pa petulo, kutseka n'kudzipangira dala matenda achiwiri aja. Kompyuta inakonzedwa kuti iyatse moto msanga poyembekezera utsi woziziritsa. Utsiwo ukasowa, injini imagogoda. Sensa yomva kugogodako (knock sensor) ikakhalapo imachedwetsa moto, inu n'kutaya mphamvu ndi mafuta. Ikapanda kukhalapo, mapisitoni ndiwo amalipira. Pa dizilo zatsopanoko zoyendetsedwa ndi kompyuta, za common rail, kompyuta imaona pa MAF kuti mpweya sukutsika, imayatsa kagetsi, ndipo zina zimalowa limp mode, kuja galimoto imakana kuthamanga ngakhale muponde bwanji. Ndiye mumafunika wina woti asinthe pulogalamu ya kompyuta, ndipo pamenepo moyo wa injini mwaupereka kwa munthu wa laputopu amene simukudziwa komwe anatenga fayilo yake. Ena amaboola kabowo pakati pa kachitsuloko kuti anamize kompyuta. Zimatheka pa injini zina, koma ndiye kuti utsi ukudutsabe, ndipo funso n'kumati mwatsekeranji.

Palinso za utsi womwewo. NOx saoneka ngati utsi wakuda, koma ndi amene amapweteka mapapo a wogulitsa nthochi pa depoti ndi mwana woyenda m'mbali mwa msewu. Kwa abale athu a ku Britain nkhaniyi ndi yalamulonso: kuyambira Meyi 2018, chipangizo chochepetsa utsi chomwe chachotsedwa kapena kusinthidwa moonekera chimagwetsa galimoto pa MOT, mayeso a galimoto a chaka ndi chaka kumeneko. Ku America lamulo la Clean Air Act limaletsa kuchichotsa. Ine kachitsulo kotsekera kaja ndimakasunga m'bokosi la masipanala pa ntchito imodzi: kuyesera. Galimoto ikamanjenjemera ndipo ndikukayikira kuti valavu yakanirira yotsegula, ndimatseka kwa mphindi khumi. Sailensi ikakhazikika, ndapeza wolakwa. Ikapanda kusintha, ndimakasaka kwina, ku mapulagi, ma injector kapena paipi yoboola, ndipo ndapulumutsa ndalama za valavu.

Chimodzi chomwe njira zinayi zonsezi zimachiiwala ndi choziziritsira utsi, chija amati EGR cooler. Ndi kabokosi ka timapaipi ting'onoting'ono kozunguliridwa ndi madzi a injini. Pa Toyota Prius ya 2010 mpaka 2015, ya injini ya 2ZR-FXE, kamatsekeka pamodzi ndi timabowo ta mu manifodi, ndipo amakaniko ambiri amagwirizanitsa zimenezi ndi kugwedezeka kwa m'mawa komanso kupsa kwa gasiketi ya hedi. Ma hybrid a ku Japan achuluka m'misewu yathu, choncho eni ake asadikire kagetsi. Apa kutsuka valavu yokha sikukwanira, kutseka n'koopsa, ndipo cooler ya sekandi imafunika kuitsukanso musanaike. Cooler ikaboola, madzi amachepa popanda kudontha pansi ndipo ekizozi imatulutsa utsi woyera. Anthu achotsapo hedi ya injini pachabe chifukwa cha zimenezi. Yoboola siitsukidwa, ndipo kuiwotcherera sikukhalitsa. Imeneyo ndi yogula.

Ndikanakhala ndi Camry ya vakiyumu, ndikanayamba ndi mita imodzi ya kapaipi ka labala, kusintha timapaipi tonse touma, kutsegula kachivundikiro ka modulator n'kuona kafyuluta kake, kenako kupatsa VSV mavoti 12 kuti ndimve ngati ikuti "tiki". Ndikanakhala ndi Quantum ya 2KD yongozungulira m'tauni, ndikanachotsa manifodi ndi valavu pamodzi, ndipo ndikanaganizira zoika kachitini kogwira nthunzi ya oyilo pa paipi yopumira injini, kuti mwaye wobwera ukapeze pouma. Kachitini kameneko kamafuna kukhuthulidwa nthawi ndi nthawi. Kakadzaza mpaka kutseka paipi, mpweya wa mu injini umakankha oyilo kutulukira m'masilo.